Mafunso ndi Mayankho: Kodi Foni Ingakuuzeni Kogulitsa Zitsulo Zakale ndi Mtengo Wake?

Makalata angapo amene talandira akhudza mapulogalamu a pafoni omwe amati amasonyeza malo ogula zitsulo zakale pamodzi ndi mitengo yake. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: A Mkonzi, ine ndine makaniko ndipo ndili ndi galaja ku Ndirande mumzinda wa Blantyre. Kuseri kwa galajayo kwaunjikana mainjini akufa, marediyeta, mabatire, masipuling'i ndi mawaya. Mphwanga anandiikira pafoni pulogalamu yotchedwa iScrap App, koma sinandisonyeze wogula ngakhale mmodzi wapafupi, pamene mitengo yake ndikaisintha m'makwacha ikuposa kutali imene anyamata oyenda ndi sikelo amanditchulira. Kodi anyamatawa akundibera, kapena pulogalamuyi ndi yabodza?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Pulogalamuyo si yabodza, koma anaipangira anthu a kwina. Inayamba mu 2011 ku United States, ndipo amene anaiyambitsa ndi a Tom Buechel a kampani yogula zitsulo ya Rockaway Recycling ku New Jersey. Malo ogula zitsulo amene ili nawo m'kaundula wake ndi a ku United States ndi ku Canada, n'chifukwa chake Blantyre simukumupezamo. Mitengo yake imachokera kwa ogula a kumeneko komanso kwa ogulitsa amene akalandira ndalama amalemba pafoni zimene alipidwa, choncho nambala imene mukuiona ikunena za msika wa dziko lina, pa tsiku lina, ndiponso pa muyezo wina.

Yambani ndi muyezowo, chifukwa ambiri amasokonezekera pomwepo. Ku America kopa ndi aluminiyamu amagulitsidwa pa paundi, ndipo kilo imodzi ndi mapaundi 2.2. Tingoyerekeza kuti foni yalemba madola 3.50 pa paundi: pa kilo ndiye kuti ndi madola pafupifupi 7.70. Chitsulo wamba chimatchulidwa pa tani, koma matani alipo amitundumitundu. Tani yaifupi ndi makilogalamu 907, tani yaitali imene ogula chitsulo ambiri a ku America amagwiritsa ntchito ndi makilogalamu 1,016, pamene tani imene timaidziwa kuno ndi makilogalamu 1,000. Musanayerekeze mitengo, onetsetsani kuti nambala zonse ziwiri mwazibweretsa pa kilo.

Nkhani yaikulu kuposa muyezo ndi giredi. Aliyense amene anagulitsapo fodya ku okushoni ku Limbe kapena ku Kanengo amadziwa kuti belo losakaniza masamba abwino ndi oipa limagulidwa pa mtengo wa masamba oipawo, ndipo zitsulo nazo zimayenda chimodzimodzi. Mtengo wapamwamba umene mumauona pamwamba pa mndandanda ndi wa kopa wotchedwa bare bright, amene ndi waya wonenepa, wosendedwa, wonyezimira, wopanda penti, mafuta kapena chowotcherera chilichonse. Pansi pake pali kopa wa nambala 1, kenako wa nambala 2 amene amakhala ndi penti, zowotcherera kapena vanishi ngati uja wa mu alternator ndi mu starter, ndipo pansi penipeni pali waya wosasenda, amene amalipidwa potengera kopa amene angatuluke pulasitiki akachotsedwa. Ngati m'makilo 10 a waya muli makilo 6 okha a kopa, wogula sangakulipireni makilo 10, ndipo adzachotsanso ya ntchito yosenda. Chitsulo chili ndi magiredi akenso: chochindikala mamilimita 6 kapena kuposa, chimene amalonda amachitcha HMS 1, chimaposa malata ndi matupi a galimoto, chifukwa zopyapyala zimatenga malo aakulu mu lole ndipo gawo lina limangopsa m'ng'anjo.

Mitengo yonseyi imatsatira msika wa London Metal Exchange, umene unakhazikitsidwa mu 1877 ndipo tsiku lililonse la ntchito umalengeza mitengo ya kopa, aluminiyamu, mtovu, zinki ndi nikelo m'madola pa tani. Mitengoyo imasinthasintha kwambiri. Mu March 2020 kopa anatsika kufika pansi pa madola 5,000 pa tani, ndipo mu May 2024 anapitirira madola 11,000. Koma umenewo ndi mtengo wa kopa woyengedwa kale, wogulitsidwa matani 25 nthawi imodzi. Wanu ali kuseri kwa galaja, ndipo asanafike ku fakitale yosungunula adzadutsa m'manja mwa mnyamata wa sikelo, mwa mwini depoti, ndi mwa wamalonda wamkulu amene amadzaza thiraki. Aliyense wa iwo amachotsapo yake, ndipo popeza dziko lathu lilibe doko, katundu wopita kunja amalipiridwa ulendo wautali wa ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena ku South Africa, kuwonjezera pa zilolezo za boma. Ulendowo umadya kwambiri mtengo wa chitsulo wamba, chomwe ndi cholemera koma chotchipa, kusiyana ndi wa kopa.

Choncho kusiyana kwa mitengo pakokha si umboni wakuti akukuberani. Chimene chingakutayitseni ndalama zambiri ndi kugulitsa mulu wonse pa mtengo umodzi, ndipo ine ndikukulangizani kuti musavomere zimenezo ngakhale atakulonjezani kunyamula okha. Tengani maginito a sipika yakale ndi tupa, mukhale pansi tsiku limodzi. Chilichonse chimene maginito agwira ndi chitsulo wamba, chiikeni pachokha. Chimene sanagwire chikwecheni ndi tupa: chikaoneka chofiirira ndi kopa, chikaoneka chachikasu ndi brass, chikakhala choyera ndi chopepuka ndi aluminiyamu, ndipo chotuwa, cholemera, chofewa moti msomali umalembapo, ndi mtovu. Chonyezimira cholemera chimene maginito sakuchigwira bwino nthawi zambiri chimakhala stainless steel, ndipo chili ndi mtengo wakewake. Marediyeta a galimoto zakale amakhala a kopa ndi brass, pamene atsopano ndi a aluminiyamu okhala ndi matanki a pulasitiki, ndiye musawaike pamodzi. Chikombole cha giyabokosi chikakhala cha aluminiyamu, masulani mabauti onse achitsulo, chifukwa bauti imodzi yotsalira imapatsa wogula chifukwa chotsitsira giredi.

Masipuling'i musathamangire kuwaika pasikelo. Amisiri osula nkhwangwa, zikwanje ndi mipeni amawafuna chifukwa chitsulo chake n'cholimba, ndipo osula mapoto amafuna aluminiyamu. Pomwepo ku Ndirande mungawapeze, ndipo n'koyenera kumva mtengo wawo musanagulitse pa kilo. Mabatire agulitseni athunthu, osawaswa ndiponso osataya asidi wake pansi, pakuti mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo wa ana, monga anthu a ku Kabwe ku Zambia akuvutikira mpaka lero chifukwa cha mgodi wa mtovu umene unatsekedwa mu 1994.

Pulogalamuyo musaifufute. Ntchito yake kwa inu ndi kukusonyezani kumene msika ukulowera. Muzilemba m'kope mtengo wa kopa kamodzi pa sabata, pambali pake mulembe umene ogula a kwanu akutchula. Mtengo wa kunja ukakwera kwa milungu ingapo, kapena kwacha ikagwa monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, wogula amene amatumiza katundu kunja amapeza makwacha ochuluka, ndipo ngati mtengo wake kwa inu sukusuntha muli ndi chifukwa chomveka chomufunsira kapena chopitira kwa wina.

Funso: Ndine mayi wa ku Kasungu. Chigayo chimene malemu amuna anga anasiya chinawonongeka, ndipo ndili ndi mota yake, zitsulo zina zolemera ndi malata akale ambiri. Ndingapeze bwanji wogula wodalirika pogwiritsa ntchito foni, popeza sindikufuna kulipira lole n'kukafika ku Lilongwe osadziwa kolowera?

Yankho: Pepani mayi ndi imfa ya bambo, ndipo mwaganiza bwino kufunsa musanalipire lole. Chida chimene chingakuthandizeni kwambiri chili kale m'mafoni ambiri, ndicho Google Maps. Lembani mawu akuti scrap metal kapena scrap yard, kenako dzina la mzinda, ndipo muyang'ane makamaka madera a mafakitale monga Kanengo ku Lilongwe, Makata ku Blantyre ndi Luwinga ku Mzuzu. Dziwani kuti malo a pamapuwo amalembedwa ndi eni ake kapena ndi anthu wamba, ndiye ena anatsekedwa kale, ena anasamuka, ndipo ogula ambiri sanalembedwepo n'komwe. Onani tsiku limene ndemanga yomaliza inalembedwa ndi zithunzi za pamalopo. Funsaninso owotcherera ndi amakaniko a pa boma pomwepo, chifukwa iwo amagulitsa zotsala zawo kawirikawiri ndipo amadziwa amene amalipira bwino ndi amene amazengereza.

Mukapeza manambala, imbirani ogula atatu kapena kuposa, ndipo aliyense mumutumizire zithunzi pa WhatsApp: mota payokha pooneka kachitsulo kolembedwa mphamvu yake, zitsulo zolemera pazokha, malata paokha. Pemphani kuti akulembereni mtengo wa pa kilo wa gulu lililonse, anene kuti mtengowo ugwira mpaka tsiku liti, ngati amachotsa makilo chifukwa cha dzimbiri kapena dothi, amene alipire mayendedwe, ndiponso ngati ndalama zimaperekedwa tsiku lomwelo. Uthenga wolembedwa umakutetezani pamene mwafika ndi katundu ndipo wina akuyamba kusintha mawu podziwa kuti kubwerera nawo n'kokwera mtengo. Munthu amene simunamuonepo akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama ya mafuta kapena yolembetsera pa Mpamba kapena Airtel Money, musatumize. Wogula weniweni ndi amene amalipira.

Sikelo ndi pamene ndalama zambiri zimasowera mwakachetechete. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limayesa ndi kutsimikizira masikelo a malonda, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ngati sikeloyo inayesedwa. Yezani katundu wanu kunyumba gulu ndi gulu, mulembe. Ngati mukukayikira sikelo ya wogula, ikanipo chinthu chimene mukudziwa kulemera kwake, monga thumba la simenti losatsegula la makilogalamu 50. Katundu akamayezedwa pa sikelo yaikulu ya galimoto, lole imayezedwa kawiri, yodzaza ndi yopanda kanthu, ndipo muonetsetse kuti anthu amene anali mu lole poyeza koyamba ndi omwewonso poyeza kachiwiri.

Za mota, musaigulitse pa kilo musanaionetse kwa amisiri okulunganso mawaya a mota, chifukwa mota yopsa nthawi zambiri imakonzeka ndipo yokonzeka imagulidwa ngati makina. Malata ndi giredi yotsikitsitsa, moti kuwanyamula kuchoka ku Kasungu kungadye phindu lonse. Osabooka kwambiri angagulidwe konko ndi omanga makola, mabafa ndi mipanda.

Funso: Achimwene, ndine Mmalawi ndipo ndimagwira ntchito kwa pulambala ku Johannesburg. Abwana amandilola kutenga zidutswa za mapaipi a kopa. Ndinaona mitengo pa intaneti n'kupita kumalo ena ogula zitsulo, koma anandiitanitsa chiphaso, anandilemba m'buku, ndipo mtengo unali wotsika kuposa umene ndinaona. Kodi anandichita zimenezi chifukwa ndine mlendo?

Yankho: Za chiphasozo ayi, achimwene, limenelo ndi lamulo kwa aliyense. Lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limafuna kuti ogula zitsulo zakale alembetse ku polisi, aone chiphaso cha wogulitsa, ndi kusunga kaundula wa katundu yense amene agula. Lamulo lomwelo limaletsa kugula kapena kugulitsa waya amene chikutiro chake chawotchedwa popanda kufotokozera apolisi mogwira mtima. Lina la 2015, Criminal Matters Amendment Act, limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wowononga zipangizo zofunika monga nthambo za magetsi ndi za njanji. Wogula amene safunsa chiphaso ndi amene muyenera kumuopa, chifukwa apolisi akafika pamalo otero, mlendo wonyamula kopa wopanda pepala ndi amene amavutika kudzifotokoza. Pemphani abwana anu kalata yaifupi yosainidwa, yokhala ndi nambala yawo ya foni, yonena kuti zidutswazo anakupatsani, ndipo muzisunga malisiti onse. Abale athu a ku England ndi ku Wales adziwenso kuti lamulo la Scrap Metal Dealers Act la 2013 limaletsa kulipira zitsulo zakale ndi ndalama za m'manja. Amalipira kudzera ku banki kapena ndi cheke, ataona chiphaso.

Za mtengo pali zifukwa ziwiri zofunika kuziganizira. Paipi yokhala ndi chowotcherera kumapeto, penti, kapena cholumikizira cha brass imatsika kukhala nambala 2, ndiye dulani mapetowo muwaike padera musananyamuke. Komanso kuyambira 2013 bungwe la boma la South Africa loyang'anira malonda a kunja lotchedwa ITAC limafuna kuti zitsulo zakale ziyambe zaperekedwa kwa mafakitale a m'dzikomo pa mtengo wotsika kuposa wa kunja zisanaloledwe kutuluka, ndipo mu November 2022 boma linaletsa kwa miyezi 6 kutumiza kunja kopa wakale ndi chitsulo chakale. Malamulo otere amachititsa kuti mitengo ya ku South Africa ikhale pansi pa imene masamba a pa intaneti a ku America kapena ku London amaonetsa. Yerekezani ogula a m'chigawo chanu cha Gauteng okhaokha, poimba foni m'mawa wa tsiku limene mukufuna kugulitsa.

Funso: Makaniko wina ku Lilongwe akufuna kugula catalytic converter (chipangizo cha pa paipi yotulutsa utsi, chochepetsa poizoni wa mu utsiwo) ya galimoto yanga, ndipo wandionetsa mtengo pa pulogalamu ya pafoni yake. Ndimukhulupirire?

Yankho: Mapulogalamu otere alipodi, ndipo imodzi yodziwika ndi Eco Cat ya kampani ya Ecotrade. Amagwira ntchito ndi nambala yodindidwa pa chitini cha chipangizocho, chifukwa chadothi chokhala ndi timabowo tambirimbiri chimene chili mkatimo chimapakidwa zitsulo zamtengo wapatali zotchedwa platinum, palladium ndi rhodium mosiyanasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto. Werengani nokha nambalayo, muone kuti ndi yomweyo imene walemba pafoni, kuti chithunzi chikufanana, ndiponso kuti akukuonetsani mtengo wa tsiku lomwelo, osati chithunzi chojambula kale. Rhodium anayandikira madola 30,000 pa aunsi (magalamu pafupifupi 31) mu March 2021, koma mu 2023 anali pansi pa madola 5,000, ndiye mtengo wakale ungasokeretse aliyense. Ngati galimoto ikuyenda ndipo chipangizocho n'chabwino, ine sindingakulangizeni kuchichotsa: utsi umakhala woipa kwa anthu opuma mumsewu, nyali yochenjeza za injini imayaka, ndipo kugula china kumaposa ndalama imene mwalandira.

Funso: Ndine wophunzira za makompyuta ku Zomba ndipo ndikufuna kupanga pulogalamu yotere ya kuno kwathu. Anzanga akuti ingolimbikitsa akuba zipangizo za magetsi ndi za madzi. Kodi ndipitirize?

Yankho: Nkhawa ya anzanu ili ndi maziko. ESCOM yakhala ikudandaula kwa zaka zambiri za kuphwasulidwa kwa mathiransifoma ndi kubedwa kwa nthambo, mabungwe a madzi amataya mamita ndi zivundikiro, ndipo thiransifoma imodzi ikaphwasulidwa chipatala, sukulu ndi zigayo za dera lonse zimaima. Ku Kenya vutoli linafika poti mu January 2022 Pulezidenti Uhuru Kenyatta anaimitsa malonda onse a zitsulo zakale kwa miyezi ingapo, ndipo osauka otola zitsulo moona mtima anavutika limodzi ndi akuba. Komabe wakuba amadziwa kale kogulitsa. Amene sadziwa ndi mayi wa chigayo chakufa ndi mnyamata wotola zitini, ndipo ndi iwowa amene mtengo wobisika umawapweteka. N'chifukwa chake ndikuti pitirizani, koma muimange mosamala.

Mulembemo ogula okhawo amene akuonetsani zikalata za bizinesi yawo ndipo avomera kulemba dzina ndi nambala ya chiphaso cha unzika cha wogulitsa aliyense. Pakhale tsamba la zithunzi za katundu amene sagulidwa, monga nthambo za magetsi, zitsulo za njanji, mamita a madzi, zikwangwani za mumsewu ndi waya wowotcha, pamodzi ndi njira yodziwitsira apolisi. Mtengo uliwonse uzikhala m'makwacha pa kilo, uzisonyeza giredi ndi chithunzi chake, ndipo uzikhala ndi tsiku. Ukapitirira sabata usanatsimikizidwe, uzizimiririka wokha. Ogulitsa azitha kulemba zimene alipidwadi, monga zimachitikira pa iScrap App, chifukwa zimenezo ndi zimene zimaulula wogula wolengeza mtengo wina n'kulipira wina.

Kumbukiraninso kuti otola zitsulo ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndipo amene ali ndi mafoni amakono sakhala ndi bandulo tsiku lililonse. Bungwe la Agricultural Commodity Exchange for Africa linatumizirapo alimi a kuno mitengo ya mbewu pa SMS, ndipo njira imeneyo, kapena yoimba kanambala kafupi ngati timachitira potumiza ndalama, ingafikire anthu ambiri kuposa pulogalamu yofuna intaneti. Kulemba pulogalamuyo kungakutengereni milungu yochepa, koma ntchito yolemetsa ndi yoimbira ogula mobwerezabwereza kuti mitengo isakalambe. Yambani ndi mzinda umodzi ndi ogula ochepa amene mungawayendere nokha, muone sikelo zawo ndi mabuku awo musanaike dzina la aliyense pafoni.